Kuwerenga mitengo, kusiya zitsa: ulendo wa dontho la magazi lochokera ku Luwawa

Ukapatuka mumsewu wa M1 kulowera ku Luwawa, pamtunda wa Viphya, chimayamba kukulonjera ndi fungo la utomoni wa paini. Maso akazolowera, umayamba kuona zitsa. Zili mbali zonse. Zina zada ndi moto wa chilimwe chatha, zina zayera ndi dzuwa, zina zafumbwa moti ukaponda zimangonyenyeka. Nkhalango iyi anaidzala mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960, poyembekezera fakitale yaikulu ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo inafika mahekitala oposa 50,000. Macheka ndi moto zadyapo gawo lalikulu. Munthu wotumidwa lero kukawerenga mitengo ya kuno, atati aphatikize ndi zitsa, angabwerere ku ofesi ndi lipoti la nkhalango imene kulibe.

Cholakwa chotero chikhoza kuchitikanso m'magazi a munthu, ndipo pali anthu m'malabotale athu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuonetsetsa kuti chisachitike.

Pa chipatala china chaching'ono cha kumwera kwa Mzimba ndinakhala pabenchi m'mawa wozizira, tsiku la kiliniki ya ma ARV. Mayi wina wachikulire, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, anaitanidwa kuti nthawi yake yoyezetsa kuchuluka kwa tizilombo m'magazi yakwana. Namwino anamugwira dzanja n'kulitikita kaye kuti litenthe, chifukwa chala chozizira chimaumira magazi. Anapukuta chala, n'kubaya. Patebulo panali kakhadi ka pepala lokhuthala, kokhala ndi timabwalo tisanu, kalikonse kukula ngati batani la jekete. Kabwalo kalikonse kamamwa madontho awiri kapena atatu. Atadzaza tonse, namwino anaika khadi lija pakathandala kuti liume, kutali ndi dzuwa ndi ntchentche. Mayi uja anafunsa funso limodzi lokha, lomwe aliyense amafunsa: zotsatira zibwera liti?

Khadilo likauma amaliika m'kajumbo kotseka bwino, limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ngati timene timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano. Kenako limadikira njinga yamoto. A bungwe la Riders for Health ndi amene akhala akuzungulira m'zipatala za m'midzi kutolera zoyeza zotere, kupita nazo kuboma, kuti zikafike kumene kuli makina, monga ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Msewu ungakhale wa fumbi kapena wa matope, magazi ouma papepala safuna firiji. Ichi ndicho chinatsegula njira kuti munthu wa ku Luwawa, ku Jenda kapena ku Embangweni ayezedwe ngati wa mumzinda. Koma khadi lomwelo linabwera ndi vuto lake.

Kuti vutolo limveke, tiyenera kulowa pang'ono m'kati mwa selo. Selo ya munthu imasunga malangizo ake onse mu DNA, ngati kaundula wamkulu amene satuluka m'nyumba ya mfumu. Pakafunika ntchito, selo imakopera tsamba limodzi pakapepala kosakhalitsa n'kukatumiza kumene ntchitoyo ikuchitikira. Kapepala kameneko ndiye RNA. Kwa nthawi yaitali ambiri ankakhulupirira kuti kukopera kumayenda njira imodzi yokha, kuchoka m'kaundula kupita pakapepala. Mu 1970 Howard Temin ndi David Baltimore, aliyense payekha ku America, anapeza kuti pali mavairasi okhala ndi enzaimu yokopera chobwerera m'mbuyo, kuchoka pa RNA kupita ku DNA. Enzaimuyo anaitcha reverse transcriptase, ndipo mu 1975 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kachilombo ka HIV n'kamodzi mwa mtundu umenewu. Kamayenda m'magazi katanyamula RNA. Kakalowa m'selo yoyera ya chitetezo cha m'thupi, kamatembenuza RNA yake kukhala DNA, n'kumata tsambalo m'kaundula wa munthuyo.

Ma ARV amatseka njira zimenezi. Mwa mankhwala atatu ali m'piritsi limene ambiri akhala akumwa kuyambira 2019, tenofovir ndi lamivudine amaletsa kutembenuza kuja, pomwe dolutegravir amaletsa kumata. Munthu akamamwa mokhulupirika, tizilombo tatsopano timasiya kupangidwa, ndipo RNA yoyandama m'magazi imatsika mpaka makina osaionanso. Koma masamba amene anamatidwa kale mankhwala asanayambe amakhalabe m'maselo, zaka ndi zaka. Ndizo zitsa. Zochuluka kwambiri mwa izo zili ngati zitsa za paini, zimene siziphukanso, chifukwa zinakoperedwa molakwika kapena moduka. Zochepa zili ngati zitsa za bulugama: ukazisiya mvula imodzi, zaphuka. N'chifukwa chake mankhwala sasiyidwa ngakhale zotsatira zikhale zabwino chotani.

Choncho dontho limodzi la magazi limanyamula nkhani ziwiri. RNA imanena zimene kachilombo kakuchita lero. DNA imanena zimene kanachita kale. Dokotala wofuna kudziwa ngati mankhwala akugwira ntchito akufuna nkhani ya lero yokha.

Njira yowerengera tizilombo imene makina ambiri amagwiritsa ntchito ndi PCR, imene Kary Mullis anaiganiza mu 1983. Makinawo amatenthetsa ndi kuziziritsa kachubu mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse kachidutswa ka DNA kamene akukasaka kamawirikiza kawiri: kamodzi kakhala tiwiri, tiwiri tikhala tinayi. Pofika ulendo wa 30, kachidutswa kamodzi kabala toposa biliyoni. Mphamvu yake ndi yomweyo, ndipo ngozi yake ndi yomweyonso, chifukwa chilichonse chofanana ndi chimene akusaka chidzachulukitsidwa, kaya chinaitanidwa kaya ayi. Komanso PCR imakopera DNA yokha. Kuti iwerenge RNA, wa m'labotale amayamba wabwereka nzeru ya kachilombo komwe: amathira reverse transcriptase kuti RNA isanduke DNA, kenako n'kuyamba kuchulukitsa. Ndiye RT-PCR imeneyo, dzina limene tonse tinalimva pawailesi matenda a Covid-19 atafika m'dziko muno pa 2 April 2020.

Apa ndi pamene pagona nkhani. RNA ikangosanduka DNA, palibenso chosiyanitsa DNA yobadwa kumene m'kachubu ndi DNA imene inalowa kale mozemba. Zili ngati ufa wa chimanga cha chaka chino ndi wa chaka chatha: ukasakaniza m'dengu limodzi, sungaulekanitsenso. Kusankha konse kuyenera kuchitika kutembenuza kusanayambe.

Kumene kuli magetsi odalirika, vutoli limachepa lokha. Amatenga magazi a mumtsempha m'kabotolo ka chivindikiro chofiirira, n'kuwazunguza m'makina mpaka maselo onse atakhazikika pansi. Pamwamba pamatsala madzi achikasu, pulazima, momwe mumayandama tizilombo ndi RNA yake, popanda maselo osunga zitsa zija. Koma magaziwo ayenera kuzunguzidwa pasanathe tsiku, ndipo pulazimayo iyenera kuyenda mozizira. Chipatala cha kumudzi, chimene njinga imafikako tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, sichingakwanitse zimenezo nthawi zonse. Khadi la magazi ouma limanyamula magazi athunthu, maselo oyera ali momwemo.

Akafukufuku anaona msanga kuti pa makina ena, makamaka amene amakokolola RNA ndi DNA pamodzi, khadi limapereka nambala yokwera kuposa pulazima ya munthu yemweyo. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri kwa amene tizilombo tawo tatsika, ndiye kuti anthu omwe akumwa mankhwala bwino. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu 2013, litalangiza kuti kuyeza kuchuluka kwa tizilombo kukhale njira yaikulu yolondolera odwala, linaika malire pa tizilombo 1,000 pa mililita imodzi ya pulazima. Pa magazi ouma linati malirewo akhoza kukwezedwa kufika pakati pa 3,000 ndi 5,000, ndipo Malawi anagwiritsapo ntchito 5,000. Kunali kuvomereza kuti sikelo ikhoza kunama pang'ono. Kafukufuku wina wothandiza pa nkhaniyi anachitikira konkuno: ku Thyolo, a Médecins Sans Frontières anayerekeza magazi a pachala oumitsidwa papepala ndi pulazima, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2014. Umboni wochokera m'maiko ambiri utachuluka, mu 2016 WHO inati malire a 1,000 angagwire ntchito pa khadi lomwe, pa makina amene atsimikizidwa.

Wina anganene kuti izi ndi nambala chabe. Ine sindikuona choncho. Zotsatira zikabwera zopitirira 1,000, munthu amaitanidwa kuuphungu wapadera, ndipo mafunso ake ndi odziwika. Mumamwa nthawi yanji? Mwadumphitsa masiku angati? Kunyumba akudziwa? Amabwereza kuyeza pakatha miyezi itatu, ndipo zikakhalabe zokwera nkhani yosintha mankhwala imayamba. Kwa amene akudumphitsadi, kapena amene kachilombo kake kayamba kupima mphamvu mankhwala, ndondomeko imeneyi imapulumutsa moyo. Koma taganizani za mayi amene sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, amene amayenda mtunda wautali m'nkhungu ya m'mawa kukatenga botolo lake, n'kuuzidwa kuti magazi akumutsutsa. Ku Mzimba mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni, ndipo mawu akuti "tizilombo tachuluka" akalowa m'nyumba yotere amadzutsa mafunso ena amene sali a chipatala. Munthu wonamiziridwa ndi makina alibe kokadandaula. Amangoyamba kukayikira mankhwala, kapena kudzikayikira yekha.

Nanga DNA yosafunikayo amaichotsa bwanji? Njira yoyamba ndi kusalola kuti ilowe. Mu 1987 Piotr Chomczynski ndi Nicoletta Sacchi anafalitsa njira imene mpaka lero ikugwiritsidwa ntchito m'malabotale a kafukufuku. Maselo amawasungunula m'mankhwala a asidi, n'kuthiramo chloroform, n'kuzunguza. Kachubu kamatuluka katagawikana patatu: pansi madzi olemera, pakati kachingwe koyera ngati mafuta a pamwamba pa mkaka, pamwamba madzi oyera mbee. RNA ili m'madzi apamwambawo, DNA yambiri yakodwa pakati ndi pansi. Wophunzira aliyense amalakwa pamodzimodzi: amafuna kutenga madzi onse apamwamba, osasiyako ngakhale kadontho, ndipo nsonga ya chotungira chake imakhudza kachingwe koyera kaja. Amayi otunga pachitsime chosaya amaidziwa bwino nkhaniyi. Ukamiza chikho kwambiri wavundula matope. Wozolowera amasiyako madzi pang'ono mwadala.

Ngakhale dzanja likhale losamala chotani, DNA ina imadutsabe. Apa ndi pamene amaitana mlenje, enzaimu yotchedwa DNase I, imene imaduladula DNA n'kusiya RNA osaikhudza. Anthu a ku Mzimba, kwawo kwa ng'ombe, angakonde kudziwa kuti enzaimuyi inayamba kutengedwa m'kachiwalo ka m'mimba mwa ng'ombe kamene kamatulutsa timadzi togaya chakudya. Moses Kunitz ndiye anaiyeretsa bwinobwino ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Imagwira ntchito pakakhala magnesium ndi calcium, pa kutentha kwa madigiri 37, kufanana ndi thupi la munthu, kwa mphindi 15 mpaka 30. Ena amaithira RNA idakali yomatirira pakasefa ka m'kachubu, kuti potsuka enzaimuyo ichokere limodzi ndi zinyenyeswa za DNA. Ena amaithira RNA itasungunuka kale, njira imene imayeretsa kwambiri koma ili ndi msampha.

Msampha wake ndi uwu. Mphaka amene wamulowetsa m'nyumba kuti agwire makoswe uyenera kumutulutsa usanayanike usipa. DNase ikatsala yamoyo m'kachubu, idzadyanso DNA yatsopano imene reverse transcriptase ikupanga, ndipo makina adzanena kuti mulibe kanthu pomwe muli. Kunama kumeneku n'koopsa kuposa koyamba kuja. Kuti aiphe, ambiri amaitenthetsa pa madigiri 65 kwa mphindi 10. Koma RNA ikatenthedwa pamodzi ndi magnesium imaduka. Choncho amayamba athira EDTA, mankhwala omanga magnesium, kenako n'kutenthetsa. Akachulutsanso EDTA, imakamanga magnesium amene PCR ikumufuna kutsogoloko. Kulikonse kuli muyezo wake. Onjezani apo kuti RNA ndi yosalimba, ndipo ma enzaimu oiwononga ali paliponse: pakhungu, m'thukuta, m'malovu, pafumbi. N'chifukwa chake wogwira RNA amasintha magolovesi kawirikawiri ndipo sakonda kucheza atatsegula machubu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa ntchito yonseyi ndi kachubu kamodzi kamene amakakonza kuti kasatulutse kanthu. Pambali pa kachubu koyeza amaika kena kofanana nako m'zonse: RNA yomweyo, mankhwala omwewo, kupatula reverse transcriptase. Popeza mulibe chotembenuza RNA, PCR siyenera kupeza choti ichulukitse. Mzere wa kachubu kameneka pakompyuta uyenera kugona pansi, phee, mpaka mapeto. Ukadzuka, ndiye kuti munali DNA kuyambira pachiyambi. Amayang'ananso kuti wadzuka liti. Ukachedwa ndi maulendo 5 poyerekeza ndi kachubu koyeza, ndiye kuti DNA yozembayo ndi yochepa ka 32, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, ndipo ambiri amavomereza. Ukadzuka pafupi kwambiri, ntchito ibwerezedwe. Malangizo a MIQE, amene Stephen Bustin ndi anzake anafalitsa mu 2009, amafuna kuti wofufuza anene poyera mmene anaonera ngati RNA yake inali ndi DNA. Kachubu kameneka kamadya mankhwala ogula ndi ndalama zakunja, ndipo mankhwala akayamba kuchepa ndi komwe munthu amalakalaka kukasiya. Wophunzira zalabotale, kaya ku Mzuzu University, ku Malamulo kapena ku Malawi College of Health Sciences, akamvetsa chifukwa chake sikasiyidwa, wamvetsa mtima wa ntchito yake. Kamakina koyeza ukhondo wa RNA ndi kuwala sikangalowe m'malo mwake, chifukwa RNA ndi DNA zonse zimamwa kuwala kwa mtundu umodzi, ndipo kusiyana kwa 2.0 ya RNA ndi 1.8 ya DNA kumene amayang'ana n'kochepa kwambiri kuti kaulule DNA yochepa.

Palinso nzeru ina, yogwira ntchito poyeza RNA ya munthu, ya nyama kapena ya mbewu. Malangizo a m'kaundula amakhala ndi zigawo zapakati zimene selo imadula ndi kutaya pokonza RNA, monga anazindikira Phillip Sharp ndi Richard Roberts mu 1977. Wofufuza akhoza kukonza kanyambo kamene PCR imasakira kuti kagwire pamfundo pomwe zidutswa ziwiri zalumikizana, mfundo imene mu DNA mulibe. Koma pa kuwerenga HIV nzeru iyi sithandiza kwenikweni, chifukwa RNA yathunthu imene kachilombo kamanyamula ndi chithunzi cha tsamba lomwe linamatidwa m'selo.

M'malabotale a zipatala, momwe makhadi amabwera mazanamazana, palibe amene amathira DNase kachubu ndi kachubu. Kusankhaku anakumangira m'kati mwa makina ndi mankhwala ake. Makina a Abbott m2000, amene agwira ntchito yaikulu ya makhadi m'dziko muno, amakoka ndi timikanda ta maginito m'njira yokondera RNA. Makina a NucliSENS, omwe anagwiritsidwa ntchito ku Thyolo, satenthetsa mokwanira kuti nsambo ziwiri za DNA zitseguke, motero DNA yambiri imangokhala osawerengedwa. A Roche anabwera ndi njira yoviika khadi m'madzi a mchere kuti tizilombo toyandama tituluke, DNA ya m'maselo itsalire papepala, ndipo mu 2018 anatulutsa khadi lokhala ndi kasefa kotsekereza maselo, kuti pulazima yokha ndiyo iume kunsi kwake. Palibe mwa njira izi imene ili yangwiro. M'maselo oyera mumakhalanso RNA ina ya kachilombo, imene DNase singaichotse. Ndipo magazi a pakabwalo kamodzi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi pulazima ya m'botolo, moti khadi likhoza kuphonyanso tizilombo tochepa. Kumene kungatheke kutenga pulazima, pulazima ndiyo yabwino. Koma kwa anthu a kuseri kwa mapiri a Viphya, kusankha kwenikweni nthawi zambiri kwakhala pakati pa khadi ndi kusayezedwa konse.

Chodabwitsa n'chakuti pathandala lomwelo pamauma makhadi ena amene DNA yomweyi ndiyo chuma chake. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amayenda ndi asilikali a chitetezo a mayi ake mpaka miyezi 18, choncho kuyeza kwachangu kwa pachala sikunganene zoona za iye. Pa masabata 6 amamubaya kachidendene kapena kachala ka kuphazi, ndipo labotale imakasaka tsamba la kachilombo lomatidwa m'maselo ake. Chitsa chimodzi chokha chikapezeka, mwanayo ayambe mankhwala msanga. Kuyambira 2011, pamene Malawi anakhala dziko loyamba kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka pa ma ARV a moyo wonse, ambiri mwa makhadi a ana amenewa amabwerera ndi uthenga wabwino. Khadi la mayi ndi la mwana wake akhoza kukwera njinga imodzi, koma la mayi akalichotsa DNA, la mwana akalifunafuna DNA. Kulemba bwino pa fomu ndi pa khadi si nkhani yaing'ono.

Mavairasi ena a RNA, monga a Covid-19, a chitopa cha nkhuku ndi a chiwewe, samata kanthu m'kaundula wa selo, kotero sasiya zitsa zotere. Kwa iwo DNA yoopsa ndi ya mtundu wina: zinyenyeswa za PCR ya dzulo, mabiliyoni aja, zikauluka n'kugwera m'kachubu ka lero. Ndicho chifukwa chake malabotale amagawa zipinda, chosakanizira mankhwala pachokha, chochulukitsira pachokha, ndipo munthu sabwerera m'mbuyo ndi gauni lomwelo.

Ndisanachoke pa chipatala chija ndinabwereranso pakathandala. Kunja nkhungu inali isanayere, monga imachitira kumtunda kuno miyezi yozizira, ndipo makhadi anali kuchedwa kuuma. Lamulo ndi maola osachepera atatu, ndipo kukakhala chinyezi ndi bwino agone mpaka m'mawa. Khadi likatsekeredwa m'jumbo lisanaume, RNA imayamba kuonongeka m'njira, pomwe DNA, yolimba ngati chitsa, imafika yonse. Pofika ku makina, gawo la nkhani ya kale lakula, la nkhani ya lero lachepa. Namwino uja sanatchulepo za ma enzaimu ngakhale kamodzi. Anangonyamula khadi la mayi wachikulire uja chakumphepete, n'kuliyang'ana kunsi ngati magazi alowerera mbali zonse, n'kuona kuti timabwalo tidakali tofiira, tisanade n'kukhala ngati khofi. Analibwezera pathandala, n'kukankhira kajumbo kake pambali.